Kupumitsa Zida Zakale Zomangira Mapulogalamu: Nkhani ya Autotools



Pulogalamu iliyonse imayamba ngati mawu olembedwa ndi munthu, ndipo kompyuta siimva mawu amenewo mpaka compiler itawasandutsa malamulo a makina. Ikakhala pulogalamu ya fayilo imodzi, munthu amaitana compiler yekha n'kuthana nazo. Koma mafayilo akachuluka, ena odalira anzawo, ena ofuna library imene pa kompyuta iyi ilipo koma pa inayo palibe, pamafunika kapitawo: wodziwa choyamba n'chiti, chotsatira n'chiti, ndipo fayilo ina ikasinthidwa, zofunika kumangidwanso n'ziti. Kapitawo ameneyu ndiye chida chomangira. Lero tikamba za mmene chida chotere chimapumitsidwira chikakalamba. Nditenga banja limodzi la zida, GNU Autotools, chifukwa ndilo lamanga mapulogalamu ambiri a Linux kwa zaka zoposa 30, ndipo pano magulu ambiri akulisiya. Mfundo yanga ndi yakuti chida chomangira chimayenera kupuma pamene m'gulu mulibenso munthu wotha kuchiwerenga, ngakhale chikhale chikugwirabe ntchito.

Tiyambire kwa gogo wa zida zonsezi, Make. Anailemba Stuart Feldman ku Bell Labs mu 1976. Amene munalembapo Makefile mukudziwa msampha wake: mzere wa lamulo uyenera kuyamba ndi tab. Mukaika mipata wamba, ngakhale pa sikirini zikuoneka chimodzimodzi, Make imakana n'kukuuzani kuti "missing separator". Feldman mwiniwake anafotokoza pambuyo pake kuti anaona msanga kuti tab imeneyi ndi yovutitsa, koma anali kale ndi anthu ochepa, pafupifupi 12, ogwiritsa ntchito Make, ndipo sanafune kuwasokonezera mafayilo awo. Anthu 12 aja anapulumuka, koma ophunzira athu akukodwabe mumsampha womwewo mpaka lero. Chida chomangira chikangopeza anthu ochidalira, kuchisintha kumavuta kuposa kuchilemba.

Make inkadziwa dongosolo la ntchito, koma sinkadziwa kompyuta imene ili. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunali mitundu yambiri ya Unix: SunOS ya Sun, HP-UX ya Hewlett-Packard, AIX ya IBM, IRIX ya Silicon Graphics, Ultrix ya DEC, kuphatikizapo BSD. Zonse zinkatchedwa Unix koma chilichonse chinali ndi khalidwe lake. Function imene kuno ili mu string.h, uko ili mu strings.h, kwinako kulibe n'komwe. David MacKenzie, amene ankasamalira mapulogalamu a GNU, anatopa ndi kukonza Makefile pamanja pa mtundu uliwonse, ndipo mu 1991 anayamba Autoconf. Nzeru yake inali yabwino zedi, ndipo ndikufuna muilemekeze tisanayambe kuinena: osafunsa kompyuta dzina lake, koma kuiyesa. M'zaka zotsatira kunabwera Automake ndi Libtool, zitatuzi n'kumatchedwa Autotools.

Tione mmene kuyesako kumachitikira. Mukalemba ./configure, mizere imayamba kutsika pa sikirini: "checking for gcc... gcc", "checking whether the C compiler works... yes", "checking for stdlib.h... yes". Kuseri kwa mizere yambiri yotereyi, script imalemba kapulogalamu kakang'ono kotchedwa conftest.c, kamizere yochepa chabe, n'kukapereka kwa compiler. Kakamangika, yankho ndi "yes". Kakalephera, yankho ndi "no". Kenako kamafufutidwa, n'kulembanso kena ka funso lotsatira. Mayankho onse amasonkhanitsidwa mu fayilo ya config.h, ndipo code yeniyeni imayang'ana mmenemo posankha njira yodzera. Mugwire bwino pamenepa, tibwererapo: configure siisiyanitsa kulephera chifukwa chinthu kulibe ndi kulephera chifukwa kapulogalamu koyeserako n'kolakwika. Zonse ziwiri ndi "no".

Ubwino wina, umene zida zatsopano sizinaupose, ndi wakuti womanga safunika kukhala ndi Autotools pa kompyuta yake. Wolemba pulogalamu amalemba configure.ac m'chinenero cha m4, Autoconf n'kutulutsa script yaikulu ya configure, ndipo script imeneyo imaikidwa mu tarball yogawira anthu. Wolandira amangofunika shell, Make ndi compiler, zinthu zopezeka pa Unix iliyonse. Pa seva yatsopano yopanda kalikonse, zimenezi n'zamtengo wapatali.

Nanga chinakalamba n'chiyani? Poyamba, dziko limene Autoconf inabadwiramo linatha. Ultrix ndi IRIX zinapita kalekale, koma mafunso okhudza makhalidwe awo anatsalira m'ma script, akufunsidwabe pa kompyuta iliyonse, limodzi ndi limodzi, ngakhale pa makina otha kugwira ntchito zambiri nthawi imodzi. Mu 2012 Poul-Henning Kamp wa FreeBSD anadandaula mu magazini ya ACM Queue kuti configure ya Libtool inali ndi mizere yoposa 31,000, ndipo inkasakasaka compiler ya Fortran pansi pa mayina 26 pa kompyuta yopanda Fortran. Anthu odziwa m4 bwinobwino anachepa. Ambiri amene amalemba configure.ac amangokopera ya pulogalamu ina n'kusinthamo dzina. Ngakhale Autoconf yeniyeniyo inagona: mtundu wa 2.69 unatuluka mu 2012, wotsatira wake, 2.70, unadzatuluka mu December 2020. Pa Windows, ndi compiler ya Microsoft, Autotools sinakhazikike n'komwe, choncho magulu ambiri ankasunga njira yachiwiri yomangira ya Windows yokha.

Kuchedwa ndi kusawerengeka tikanapirira. Choopsa ndi kulakwa mwakachetechete, ndipo taziona posachedwapa. Chinenero cha C chakale chinkalola munthu kuitana function asanailengeze, compiler n'kumangoganizira yokha. Malamulo a C a mu 1999 anachotsa mwayi umenewu, koma ma compiler anapitiriza kungochenjeza kwa zaka zoposa 20. Clang 16 mu 2023 ndi GCC 14 mu 2024 zinasiya kuchenjeza, zinayamba kukana. Tsopano taganizani conftest.c yolembedwa kale, yoitana exit koma yopanda mzere wolowetsa stdlib.h. Dzulo inkamangika, yankho linali "yes". Lero compiler yaikana, yankho ndi "no". Configure siima, siidandaula. Imangolemba mu config.h kuti chinthu chakuti kulibe, pulogalamu n'kumangika bwinobwino, koma mbali ina yazimitsidwa kapena yadzera njira yakale yochedwa. Womanga amaona zonse zatheka n'kupita kukadya nkhomaliro. Anthu a Fedora ndi Gentoo, makamaka Florian Weimer ndi Sam James, anagwira ntchito yaikulu yofufuza mapulogalamu ochuluka zedi pofuna kupeza malo amene "yes" wasanduka "no" popanda chifukwa chenicheni. Ndi ntchito yosaoneka, yopanda wothokoza, ndipo inatheka chifukwa panali anthu ochepa otha kuwerenga ma script amenewa.

Pamene palibe wowerenga, wakuba amapeza pobisala. Pa 29 March 2024, Andres Freund, mmodzi mwa olemba PostgreSQL, analengeza kuti wapeza khomo lachinsinsi mu xz, pulogalamu yopanikiza mafayilo yopezeka pa Linux pafupifupi iliyonse. Sankafufuza za chitetezo ayi. Ankayeza liwiro la zinthu zina pa Debian yoyeserera, n'kuona kuti kulowa kudzera pa SSH kukudya mphamvu zambiri za makina ndiponso kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Ambiri a ife tikanati ndi netiweki. Iye anatsata mpaka anafika pa xz 5.6.0 ndi 5.6.1. Munthu wodzitcha Jia Tan anakhala akuthandiza pa xz kwa zaka zoposa ziwiri, mpaka mwini wake wotopa, Lasse Collin, anamukhulupirira n'kumupatsa mphamvu zotulutsa mitundu yatsopano. Jia Tan anabisa code yoipayo m'mafayilo oyesera, ooneka ngati zinthu zowonongeka dala, limodzi mwa iwo lotchedwa bad-3-corrupt_lzma2.xz. Koma kiyi wotsegulira anamuika mu build-to-host.m4, fayilo ya Autotools. Fayilo yosinthidwayo sinali mu Git, mmene anthu amaonera kusintha kulikonse. Inali mu tarball mokha. Ndipo palibe anadabwa, chifukwa ndi Autotools n'chizolowezi kuti tarball ikhale ndi mizere masauzande ambiri yotulutsidwa ndi makina imene mu Git mulibe. Ndani amakhala pansi kuwerenga configure? Mpata umenewu, pakati pa zimene anthu amawerenga ndi zimene makina amayendetsa, ndiwo Jia Tan anadzerapo. Mwamwayi, mitundu iwiriyo inali isanafike pa Debian, Ubuntu kapena Red Hat zokhazikika zimene maseva ambiri amagwiritsa ntchito.

Ena atamva zimenezi anathamangira kunena kuti Autotools ndiyo inapalamula, tikanakhala pa chida chatsopano monga CMake sizikanachitika. Pang'onopang'ono, anzanga. Xz inalinso ndi mafayilo a CMake, ndipo Jia Tan yemweyo anawakhudzanso. M'kapulogalamu koyesera ngati Linux ili ndi Landlock, njira yotchingira pulogalamu kuti isakhudze mafayilo osaiyenera, anaikamo kadontho kamodzi kumayambiriro kwa mzere. Kadontho kokhako kanachititsa kuti kapulogalamuko kasamangike pa kompyuta iliyonse, yankho n'kukhala "no" nthawi zonse, chitetezo n'kuzima. Kusinthaku kunali mu Git, poyera, koma maso anadutsapo. Chida chatsopano chimachepetsa mizere yoti muwerenge. Kuwerengako ndi kwanu.

Magulu akuluakulu anayamba kusamuka kale xz isanachitike. KDE inapita ku CMake mu 2006, itayamba yayesa SCons n'kuisiya. LLVM inachotseratu Autoconf mu mtundu wa 3.9 mu 2016. Meson, imene Jussi Pakkanen wa ku Finland anaitulutsa mu 2013 ndipo imadalira Ninja ya Evan Martin pomanga, inatenga systemd mu 2017, Mesa inachotsa Autotools mu 2019, ndipo GTK 4 imamangidwa ndi Meson yokha. Sindikhalitsa pa mndandanda umenewu. Kusankha pakati pa CMake ndi Meson ndi nkhani yotha kukambirana tsiku limodzi. Chovuta ndi kusamukako.

PostgreSQL ikutiphunzitsa zambiri apa, ndipo ikutikhudza, popeza DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo kuno umasonkhanitsira ziwerengero, imasunga zonse mu PostgreSQL. Kwa zaka zambiri gululi linali ndi njira ziwiri: Autoconf ndi Make pa Unix, ndi ma script a Perl olembedwa ndi iwo eni omangira pa Visual Studio. Munthu wowonjezera fayilo ankayenera kukumbukira mbali zonse ziwiri, ndipo mbali ya Windows inkathyoka kawirikawiri chifukwa olemba ambiri sankaigwiritsa ntchito. Amene anatsogolera kubweretsa Meson ndi Andres Freund yemwe uja. Mu PostgreSQL 16, ya September 2023, Meson inalowa ngati njira yachitatu. Kwa chaka chimodzi anasenza zitatu. Mu PostgreSQL 17, ya September 2024, anachotsa ma script a Visual Studio aja, koma Autoconf anaisunga kaye. Onani mmene anasankhira: anayamba kupumitsa chida chimene chinali ndi ochidziwa ochepa kwambiri, pamene cholowa m'malo chake chinali chitayesedwa kale. Chimene chinkagwirabe ntchito pa makompyuta ambiri sanachifulumizire.

Chimene chimachedwetsa magulu anzeru chonchi ndi zimene zinakwiriridwa m'ma script akale. Mu configure.ac ya zaka 20 mumakhala zinyalala zambiri, inde, koma mumakhalanso mizere itatu yolembedwa ndi munthu amene anavutika sabata yathunthu kuti apeze chifukwa chimene pulogalamu inkagwera pa purosesa ya mtundu wina. Munthuyo anachoka kale, sanalembe chifukwa chake. Wachinyamata wosamutsa pulogalamu akaona mizere imeneyo amaiyesa zinyalala n'kuitaya, ndipo vuto lija limabwerera patapita miyezi, pa kompyuta ya munthu wina kutali. Choncho musakhutire chifukwa choti njira yatsopano yamanga popanda kudandaula. Mangani ndi zida zonse ziwiri pa kompyuta imodzi, kenako muike config.h yakale ndi yatsopano pambali n'pambali, muziyerekeze ndi diff. Pomwe pasiyana, pezani chifukwa. Chitaninso chimodzimodzi ndi mndandanda wa mafayilo oikidwa pa kompyuta, manambala a ma library, ndi ma flag opita kwa compiler. Mukapeza funso mu script yakale limene simukulimvetsa, git blame ikuonetsani amene analilemba ndi tsiku lake. Likakhala la Unix yomwe inatha, litayeni ndi mtima woyera, ndipo mulembe mu commit kuti mwalitaya dala. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ndipo mabwana saiona chifukwa pulogalamu ikatuluka imaoneka monga inalili dzulo. Komabe phindu lenileni la kusamuka lili pomwepa: pa mapeto pake gulu limakhala ndi munthu wamoyo wodziwa chifukwa cha mzere uliwonse.

Nthawi yoyendetsa zida ziwiri pamodzi ndi yofunika, koma iyenera kukhala ndi malire. Kwa ine, gulu lomvetsa chisoni kuposa onse ndi lomwe linayamba kusamuka n'kuima pakati. Theka la anthu likumanga ndi chakale, theka ndi chatsopano, wina akanena za vuto funso loyamba n'lakuti "mwamanga ndi chiyani?", ndipo palibe wolimba mtima kufufuta kalikonse. Mankhwala ake ndi tsiku lolengezedwa poyera, lomangirizidwa ku mtundu wakutiwakuti wa pulogalamu. A Python anachita zimenezi ndi distutils, chida chomangira chimene chinkabwera pamodzi ndi Python kuyambira cha m'ma 2000. Chikalata cha PEP 632 chinanena momveka kuti mu Python 3.10, ya October 2021, distutils iyamba kuchenjeza, ndipo mu 3.12, ya October 2023, ichotsedwa. Tsikulo linakankha anthu. NumPy ndi SciPy, zimene zinkadalira kwambiri distutils pomanga code ya C ndi Fortran, zinasamukira ku Meson nthawi isanakwane: SciPy mu mtundu wa 1.9 mu 2022, NumPy mu 1.26 patatsala milungu yochepa kuti 3.12 ituluke. Ngakhale zinali choncho, anthu ambirimbiri anadzuka tsiku lina n'kupeza "No module named 'distutils'" pa sikirini. Chenjezo linalipo kwa zaka ziwiri, koma linkatuluka pakati pa mizere mazanamazana imene munthu saiyang'ana malinga ngati pansi palembedwa kuti zatheka. Mukamapumitsa chida chanu, musadalire chenjezo lotere. Mtundu umodzi usanafike wochotseratu, chida chakale chizikana kuyamba pokhapokha munthu atalemba flag yapadera yosonyeza kuti wamva.

Ndisabise kuti kusamuka kulikonse kumasiya wina m'mbuyo. Meson imafuna Python 3 ndi Ninja, ndipo mapulogalamu ambiri amafuna Meson yatsopano kuposa imene ili pa Linux yokhazikika ya zaka zingapo zapitazo. Amene ali ndi laputopu yatsopano ndi intaneti yosadukiza sazimva zimenezi. Amazimva ndi munthu wosamalira seva yakale mu ofesi, imene sangaizimitse chifukwa ntchito yonse ili mmenemo, ndipo kuti amange kanthu kamodzi ayenera kuyamba wakopera zida zitatu ndi bandulo yogula yekha. Ambiri a inu mudzakhala mbali imeneyi ya nkhaniyi, osati mbali yolamula. Langizo langa n'lakuti musamamange pa seva yeniyeniyo. Khalani ndi malo amodzi omangira, kaya ndi container kaya kompyuta yapadera, olembedwa bwino kuti muli zida ziti za mtundu uti, ndipo muzisunga kope ya zidazo pa netiweki ya mu ofesi. Ndipo inu amene mudzakhale mbali yolamula, musanasankhe mtundu wotsikitsitsa wa chida chatsopano, yang'anani umene uli pa Debian ndi Ubuntu zimene anthu anu akugwiritsa ntchito lero.

Zida zatsopanozi nazonso zayamba kale kupumitsa zakale zawo. CMake inayamba cha mu 2000 ku kampani ya Kitware, ndipo kwa nthawi yaitali inkalandira mafayilo olembedwera mitundu yake yakalekale. Mu March 2025 kunatuluka CMake 4.0, imene inasiya kulandira pulogalamu yonena kuti inalembedwera mtundu wotsika kuposa 3.5. Chenjezo linakhalapo kale, monga mwa nthawi zonse. Mapulogalamu ochuluka anathyoka pa mzere woyamba weniweni wa CMakeLists.txt, uja wa cmake_minimum_required, umene wina analemba 2.8 kalekale ndipo palibe anaukhudzanso. Nthawi zambiri fayilo yothyokayo sinali yanu, inali ya library imene library yanu imadalira, mwini wake anasiya kuyankha makalata. A Kitware anasiya kakhomo: mukhoza kulemba CMAKE_POLICY_VERSION_MINIMUM=3.5 pomanga, zinthu n'kuyendanso. Kagwiritseni ntchito kuti ntchito ya lero isaime, koma mudziwe kuti mwauza CMake kuti itenge fayilo yakale ngati yolembedwera malamulo atsopano, popanda munthu kutsimikiza kuti zikugwirizana. Mukaika flag imeneyo mu script yanu, lembani pambali pake dzina la library yachititsa, ndi dzina la munthu wa m'gulu mwanu amene adzaichotse.